Mutu 9: Kuzungulira Gombe la Chembe Wapansi

Munthu wa ku Matero mukamuuza kuti kuli anthu amene amalipira ndalama kuti ayende pansi, amayamba wakuyang'anani kumapazi. Iye kuyenda pansi akukudziwa. M'mawa uliwonse msewu wa Lumumba umachita kuda ndi anthu olowera m'tauni, ena ku Soweto kukapikula tomato, ena kumafakitale kukasaka kaganyu, ndipo mwa onsewo palibe woyendera kuona malo. Amayenda poti ya minibasi yasowa, kapena ilipo koma aisungira ndiwo. Kuyenda kwathu kumakhala ndi kolowera: uchoke pano, ukafike apo, ubwereko ndi kanthu. Tsono njira yoti uyambire pamtengo, ukwere phiri, ukhe thukuta maola anayi, n'kudzatulukira pamtengo womwe uja chimanjamanja, ife timaitcha kusochera.

Mutu uno ukunena za njira yoteroyo, ndipo ine ndikuti ndi yoyenera kuiyenda, makamaka ife olankhula Chinyanja. Dzina la chilankhulo chathu ndi dzina la madzi. Chinyanja ndiye kuti chilankhulo cha anthu a kunyanja, komatu mwana wobadwira ku Matero, ku George kapena ku Lilanda akhoza kukula mpaka kumera imvi nyanjayo osaiona. Madzi ambiri amene iye amawadziwa ndi aja amadzaza ku Kanyama ndi ku Chawama mu Januwale ndi Febuluwale, olowa m'nyumba osaodira.

Zambia ilibe gombe la nyanja yamchere. Mbali zonse tazingidwa ndi mayiko asanu ndi atatu. Madzi aakulu okha tili nawo. Siavonga ili pafupi, makilomita ngati 200, koma Kariba, nyanja ya kumeneko, ndi yopangidwa ndi anthu, damu lake linamalizidwa mu 1959. Kuli mchenga woyera wa Samfya pa Bangweulu. Kulinso paki ya Nsumbu ndi doko la Mpulungu pa Tanganyika, kochokera kapenta uja amayi amamutama pamsika wa Matero. Koma nyanja imene inatipatsa dzina ili kum'mawa, kutsidya kwa malire, ndipo kum'mwera kwake kuli malo amene phiri, nkhalango, mudzi ndi madzi zinathithikana pamodzi, moti munthu akhoza kuzizungulira zonse wapansi dzuwa lisanafike paliwombo. Pamapu analemba Cape Maclear. Eni ake amati Chembe.

Ulendo wake ndi wa masiku awiri. Basi mumakwerera ku Intercity mbandakucha, kulowa Great East Road, kudutsa Chongwe ndi Rufunsa, kutsetsereka mpaka pa mlatho wa Luangwa pamene pamanunkhira nsomba zowamba, kenako Nyimba, Petauke, Katete, Chipata. Amenewo ndi makilomita pafupifupi 570. Pa malire a Mwami ndi Mchinji munthu amaima kamodzi kokha chiyambire Disembala 2022, pamene Hakainde Hichilema ndi Lazarus Chakwera anatsegula maofesi atsopano. Mukagona ku Lilongwe, mawa lake mumatsika chitunda cha Golomoti kapena kuzungulira ku Salima, kulunjika ku Monkey Bay, ndipo mutatsala pang'ono kufika pali msewu wa makilomita 18 wopatukira kumanzere kulowa m'mapiri. M'njiramo muli Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere ngati mphini za pankhope pa agogo. Boma linaliika m'gulu la zinthu zakale zotetezedwa. Pofika apa mudzakhala mutazolowera kusekedwa. Mukati malasha iwo akuti makala, mukati salaula iwo akuti kaunjika, mukati "nifuna" wogulitsa akukuwongolani mwaulemu kuti "ndikufuna". Musakwiye. Mwafika kwawo kwa mawuwo.

Mapiri amenewa ndi a Lake Malawi National Park, m'boma la Mangochi. Paki imeneyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linailemba m'kaundula wa malo ofunika ku dziko lonse lapansi. Ndi yaing'ono, masikweya kilomita ngati 94 basi. South Luangwa ikhoza kuimeza kambirimbiri osakhuta. Mulibe mikango, mulibe njati. Anaikhazikitsira nsomba, chinthu chimene panthawiyo chinali chachilendo, chifukwa mapaki ambiri anali a nyama zamiyendo inayi. Malire ake amatenga mapiri a Nankumba, zilumba zingapo, ndi madzi a mamita 100 kuchokera kugombe. Koma anthu analipo kale paki isanabwere, ndipo sanasamutsidwe. Midzi isanu, Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale, inatsala m'kati ngati nyemba m'khoko. Chembe yekha muli anthu oposa 10,000. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa mudzakumana nayo pa mwala uliwonse wa njirayi.

Nyamukani dzuwa lisanatuluke. Nyanja ili pamtunda wa mamita ngati 470 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lusaka ili pafupifupi 1,300, choncho kutentha kwa kuno n'kwina. Mu Okutobala thanthwe limawotcha chikhatho nthawi ya 9 koloko. Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nyengo ya mwera. M'mawamo mudzi umakhala utadzuka kale. Asodzi amene anagona panyanja ndi nyali zawo akukocheza mabwato, ukonde wa chilimira akuuyala pamchenga, amayi akuthamanga ndi mabeseni kukagula usipa woti ayanike pa mathandala. Usipa ndi m'bale wa kapenta pa mbale pokha. M'madzi ndi mitundu yosiyana. Ana akutsuka mapoto, ena akusamba, wina akuchapa yunifolomu, zonsezo m'madzi amodzimodzi. Mumadutsa pakati pa zonsezi kulowera kumadzulo kwa mudzi, kumene kuli chipata cha paki. Pamenepo pamalipidwa ndalama yolowera, ndipo ndi nzeru kutenga mmodzi mwa anyamata olondolera alendo, amene kuno amangowatcha magaidi. Mtengo mupangane musananyamuke. Njira za m'phirimo zilibe zikwangwani zokwanira, ndipo zambiri mwa izo n'zopita kunkhuni.

Chinthu choyamba chimene njira imakuonetsani ndi manda. Ali m'tsinde mwa phiri, pansi pa mitengo, asanu. Dzina loti Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone, amene anafika panyanjayi mu Seputembala 1859, polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, munthu amene kuno sanapondeko n'komwe. Livingstone atamwalira mu 1873 kwa Chitambo, m'dera la Ilala kwathu ku Zambia, mpingo wa Free Church of Scotland unatumiza gulu loti lidzayambe mishoni m'dzina lake. Analitsogolera ndi Edward Young, ndipo munali dokotala wachinyamata, Robert Laws. Anabwera ndi kasitima ka nthunzi kamene anakatcha Ilala. Pa mathithi a Shire anakamasula zidutswazidutswa, amtengatenga mazanamazana n'kusenza pamutu masiku ambiri, n'kukalumikizanso kumtunda. Mayina a osenzawo palibe anawalemba, koma popanda makosi awo sitimayo ikanawolera kumunsi kwa mathithi. Mu Okutobala 1875 Ilala inalowa m'nyanja, ndipo mfumu Mponda itawalola, amishoniwo anamanga pano chifukwa cha doko lake labata.

Doko linali labwino kwa sitima, kwa anthu ayi. Malungo anayamba kuthyola mmodzimmodzi. Mu 1877 anamwalira Dr William Black, ndiponso Shadrach Ngunana, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa. Pofika 1881 manda anali asanu, wobatizidwa anali mmodzi, Albert Namalambe. Chaka chomwecho mishoni inasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 inakwera ku Khondowe, kumene lero kuli Livingstonia.

Wina anganene kuti pano zinalephereka. Ife a ku Zambia tiyenera kuima pa mandawa kanthawi tisanavomereze. Mmodzi wa gulu loyamba lija, Alexander Riddel, anatchera khutu anthu a pagombe lino n'kulemba galamala ya Chinyanja imene inasindikizidwa mu 1880, limodzi mwa mabuku oyambirira kwenikweni a chilankhulo chathu. Ndipo sukulu ya Livingstonia, mdzukulu wa kamishoni kameneka, ndi imene inaphunzitsa David Kaunda, amene anapita ku Chinsali kukayambitsa ntchito ya Lubwa, kumene Kenneth Kaunda anabadwira mu 1924. Ku Malawi dzina loti Chinyanja linasinthidwa kukhala Chichewa mu 1968. Ife tinasunga lakale, ife amene tili kutali ndi madziwo. Linafika ku Lusaka pakamwa pa anthu a kum'mawa odzafuna ntchito ndi pa apolisi a m'nthawi ya atsamunda, mzindawu utakhala likulu mu 1935, ndipo linamera mizu m'makomboni.

Kuseri kwa manda njira imayamba kukwera, ndipo siinyengerera. Ndi miyala yokhayokha, ina ikuluikulu ngati nyumba, yosanjikizana ngati wina anaiunjika dala. M'ming'alu yake mwamera mikuyu yokumbatira thanthwe ndi mizu yoyera, migoza ya makungwa osalala, nkhadze, ndipo m'munsi muli milambe. Mbira zimaothera dzuwa pamwamba pa miyala, zikakuonani n'kuzimiririka. Agulo amagwedeza mitu yawo yabuluu. Anyani ali paliponse, ndipo munthu samuopa. Chakudya chikhale m'chikwama chotseka. Mukakhala ndi mwayi mudzaona chinkhoma chitaima pansonga ya thanthwe ndi timapazi take tosongoka, kapena mbawala ikudumpha m'tchire. Za nsapato ndilankhule monga wolumidwa. Ine ndinapita ndi zatsopano za pasalaula, zokongola, zoterera pansi, ndipo theka la chitunda ndinakwera chokwawa, gaidi akungoti, "Pang'onopang'ono achimwene, phiri silithawa." Valani zakale zimene phazi linazolowera. Tengani madzi osachepera malita awiri. Ndipo chomera chilichonse cha nyemba zaubweya wofiirira muchilambalale. Chitedze cha kuno n'chimodzimodzi cha kwathu.

Tili pakati pa chitunda tinamva "zikomo, zikomo" kuchokera kumtunda, ndipo tinapatuka. Anali amayi asanu akutsika, aliyense ndi mtolo wa nkhuni wotalika kuposa iye mwini, mapazi ali m'patapata, ena opanda kanthu, akuponda miyala yomwe ine ndinkakwawapo. Titapatsana moni, wamkulu wa iwo anafunsa osatembenuza khosi, poti katundu sankalola:

"Mukupita kuti, bambo?"

"Tikungozungulira, amayi."

"Kuzungulira? Mwataya chiyani?"

Anzake anaseka mpaka mitolo kugwedezeka. Funso limenelo ndi la ku Matero lenileni, ndipo ndinalibe yankho. Njira imene ine ndinailipirira pachipata, kwa iwo ndi njira ya kuntchito, monga ulili msewu wa Lumumba kwa ife. Malamulo a paki amalola anthu a m'midzi isanu ija kutola nkhuni zouma ngati ali ndi chilolezo. Kudula mtengo wauwisi n'koletsedwa. Papepala zikumveka bwino. Koma mudzi wa anthu 10,000 umaphika tsiku ndi tsiku, umawambanso nsomba, ndipo mitengo siuma mofulumira chotero. Nkhuni zikatha pafupi, amayi amakwera patali. Zikatha patali, pamapezeka wina wokhapa mtengo lero kuti adzautole utauma mwezi wamawa. Alonda a paki akamugwira, mudzi umati boma likukonda anyani kuposa anthu.

Pano ndisaweruze msanga, chifukwa ndikudziwa chimene chimayaka m'mbaula ya kwathu. Matumba a malasha amene tinawaona atandandalikidwa m'mbali mwa msewu ku Rufunsa ndi ku Chongwe amathera m'makomboni mwathu, ndipo mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, ndani wa ife anafunsa kuti thumbalo linali mtengo wanji? Kusiyana kwake n'kwakuti mayi wa ku Chembe amaliona phiri limene akulidya, amadziwa kuti chaka chino wakwera kuposa chaka chatha. Ife nkhalango yathu imabwera itapsa kale, pa njinga. Ndipo chodabwitsa n'chakuti mapiri a pakiyi akadali ndi mitengo, pamene ambiri a kunja kwa malire ake anameteka mpala. Pangano la paki ndi mudzi ndi lokhota, lodzaza madandaulo, koma lagwira zaka zoposa 40.

Pamwamba pali thanthwe loti mukhalepo. Apa ndi pamene munthu wa kumtunda amasowa chonena. Pansi panu pali mudzi wonse utatambalala m'mphepete mwa mchenga, mabwato akuoneka ngati nthanga za maungu. Patsogolo pali chilumba cha Thumbi, kudzanja lamanja Domwe wautali, wolekanitsidwa ndi mtunda ndi kampata kotchedwa Ilala Gap, ndipo patali Mumbo akuoneka ngati chipewa choyandama. Kupitirira apo, chakumpoto, kulibe tsidya. Madzi amangopita mpaka kukakumana ndi thambo. M'litali nyanjayi ndi makilomita pafupifupi 580, ndiye kuti ulendo wonse uja wa Lusaka mpaka Chipata, madzi okhaokha. Kumpoto kwake imazama mamita 700. Mutasanjikiza nyumba za Findeco zisanu ndi ziwiri, yapamwamba singaoneke. Inakhala chotero chifukwa ili mu mng'alu waukulu umene ukung'amba Africa kuchokera ku Ethiopia kutsika kuno, womwenso muli Tanganyika. Pansi penipeni, kupitirira mamita ngati 250, mulibe mpweya wa okosijeni, ndipo nsomba sizikhalako. Mitsinje yambiri imathira m'nyanjayi koma wotulutsa ndi umodzi, Shire, umene umakathira mu Zambezi. Madzi a Kafue amene timamwa ku Lusaka ndi awa a pa Chembe amakakumana ku Mozambique.

Muli pomwepo mudzamva kulira kumene mumakudziwa ngakhale simunakumvepo: nkhwazi, itaponya mutu kumbuyo. Ndi yomwe ija ili pa mbendera yathu ndi pa ndalama zathu. Ambiri a ife tinaijambula kusukulu ndi choko tisanaione ikuuluka. Kuno imakhala pa mitengo ya m'zilumba, iwiriiwiri, ndipo anyamata a maboti anaizoloweretsa kuti akaimba mluzu n'kuponya nsomba, imatsika kudzaiwakha alendo akujambula. N'zokongola, sindikana, koma mbalame ya pa mbendera kuisandutsa wopemphetsa, mtima wanga sunakondwe nazo.

Kutsika n'kovuta kuposa kukwera, mawondo ndi amene amalipira. Njira imatsetserekera kumadzulo n'kukatulukira ku Otter Point, kumene matanthwe osalala amalowa m'madzi oyera ngati a m'botolo. Dzinali ndi la akatumbu, koma kuti muwaone pamafunika m'mawa kwambiri ndi kukhala chete. Chimene simungachiphonye ndi mbuna. Bwerekani galasi lovala kumaso, mugone chafufumimba pamadzi osafika m'chiuno, muyang'ane pansi. Tinsomba tosaposa chikhatho, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere ngati mbidzi, tili piringupiringu kupala ndere pamiyala. Apa ndiye pali chuma chimene paki inakhazikitsidwira. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere: yoposa 700, ena amati ingafike 1,000, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse.

Zinatheka bwanji? Mbuna ndi nsomba ya pakhomo. Imabadwira pamiyala, imadya pamiyala, ndipo mchenga kapena madzi akuya siiwoloka. Mazira saikira poyera kuti madzi awamwaze. Yaikazi imawatola n'kuwasunga m'kamwa pafupifupi masabata atatu, osadya, mpaka ana atayamba kusambira, ndiye amakulira pomwe mayi wawo anawalavulira. Tsono mulu uliwonse wa miyala uli ngati mudzi wakewake. Yaikazi imasankha yaimuna potengera mtundu wa khungu, choncho pakapita mibadwo zikwizikwi, za pachilumba ichi zimasiyana ndi za pachilumba icho mpaka kuleka kukwatirana. Madzi a nyanjayi akhala akutsika ndi kukwera kuyambira kalekale, kulumikiza miyala ina ndi kulekanitsa ina, ndipo kusintha kulikonse kunkabala mitundu yatsopano. N'chifukwa chake asayansi amayerekeza nyanjayi ndi zilumba za Galapagos zimene zinatsegula maso a Charles Darwin. Amene amadabwa kuti Chinyanja cha ku Matero chinasiyana bwanji ndi cha ku Mangochi m'zaka zosakwana 100, nkhani ya mbuna sangaivutikire.

Mukadekha mudzaona zambiri. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Pali kalingono, nsomba ya mawangamawanga imene imagona cham'mbali pansi ngati yakufa, tinsomba tikabwera kudzaidya iyo n'kutimeza. Dzina lake la sayansi ndi la Livingstone, koma la asodzi ndi limene likunena zoona. Pamchenga pali zina zimene zazimuna zake zimamanga timilu tonga zulu, kusenza mchenga ndi pakamwa, kuti zazikazi zidzasankhe womanga bwino. Gulu lina la zimenezi asayansi analitcha Mchenga, mawu athu omwewa. Kampango, amene inu mumamudziwa ali wowamba, m'madzi ndi kholo losamala: wamkazi ndi wamwamuna amalondera ana pachisa, ndipo wamkazi amaikira mazira ena oti anawo adye.

Mamita 100 aja ali pano. Palibe chingwe, palibe mpanda, koma m'kati mwake kuponya ukonde ndi mlandu. Kwa mbuna malire amenewa ndi okwanira, poti sizichoka pamiyala. Kwa chambo ndi opanda pake, chifukwa chambo chimayenda. Nsomba imene inali ulemu wa mbale ya Mmalawi yachepa kwambiri kuyambira m'ma 1990, ndipo mtundu wina wa chambo, lidole, uli pafupi kutheratu. Zifukwa zake n'zomwe timazidziwa ku Bangweulu ndi ku Kafue: asodzi kuchuluka, maukonde a maso ang'onoang'ono, ngakhale maneti a udzudzu, kukokolola ndi ana omwe. Malawi imatseka usodzi wa makoka kuyambira mu Novembala pamene chambo chikuswana, monga ife timatsekera kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, ndipo mbali zonse ziwiri lamulolo limalimba pamene pali wolondera. Mukakhala pa Otter Point mudzaona bwato likuyandama cha pamalire penipeni, mwini wake diso lina ku ukonde, lina kugombe.

Kuchokera apa njira imabwerera kum'mawa motsata madzi, ndipo ndi yosavuta, mwina pamiyala, mwina pamchenga. Abale athu ogwira ntchito ku Joni, makamaka a ku Plettenberg Bay, amadziwa njira yotchuka ya mtundu umenewu pa Robberg, ya makilomita 9, yozungulira phiri lolowa m'nyanja yamchere mmene mumakhala nyama zonga akatumbu aakulu zikwizikwi. Kumeneko woyenda amayamba wafunsa nthawi, chifukwa madzi amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku ndipo akhoza kumutsekera njira. Nyanja yathu ilibe zimenezo. Iyo imapuma pang'onopang'ono, pa chaka ndi pa zaka. Kuyambira 1915 mpaka cha mu 1935 inatsika mpaka Shire analeka kutuluka. Mu 2024 inakwera n'kumiza mchenga ndi nyumba zambiri za alendo m'magombe a Mangochi. Choncho pamene mnzanu anadutsa pouma chaka china, inu mukhoza kupeza madzi a m'mawondo. Mwera ukakalipa, mafunde ake si amasewera. Pamiyala yonyowa musayendepo.

Musanatuluke pachipata mumadutsa Golden Sands, pamene pali kanyumba ka paki kosonyezeramo za nsomba ndi mbiri ya malowa, ndi mlambe waukulu umene gaidi aliyense ali ndi zaka zake zoupatsa. N'kovuta kukhulupirira, koma mu 1949 ndi 1950 pamadzi apa pankatera ndege za BOAC zochokera ku Southampton kupita ku Johannesburg, zomwe zinkateranso pa Zambezi pafupi ndi Livingstone. Azungu ankatsika n'kugona mu hotela pagombe pomwepa. Ndegezo zitaleka, hotelayo sinakhalitse. Mishoni inabwera n'kupita, ndege zinabwera n'kupita. Chilimira chikadali pamchenga. Mukafika m'mudzi dzuwa lili pamutu, usipa wa m'mawa uja wayamba kuuma, ndipo amayi a nkhuni aja aphika kale. Pezani pogulitsa nsima, muitanitse ya kampango kapena utaka, mudye ndi manja otupa.

Tsopano mawu amene eni malo ogona alendo sakonda kuwanena mokweza. Madzi a pa Chembe ali ndi likodzo, ndipo ndi lambiri. Tizilombo take timatuluka mu mkodzo wa munthu wodwala, timalowa mu nkhono za m'madzi, timachulukana, n'kutulukanso kudzaboola khungu la aliyense wosamba kapena wochapa. Simumva kuwawa, simuona kanthu. Kale matendawa ankadziwika m'madambo ndi m'mabango mokha, koma kuyambira m'ma 1980 anafalikira ndi pamchenga poyera, ndipo ofufuza amene akhala zaka zambiri pa Cape Maclear anapeza kuti chimodzi mwa zifukwa zake ndi kutha kwa nsomba zodya nkhono, zimene makoka a m'mphepete anazikokolola. Ukonde womwe unachepetsa ndiwo ndi umene unachulukitsa matenda. Kutsogolo kwa mudzi ndi kumene kuli koopsa kwambiri. Kumiyala ndi kuzilumba n'kochepako, koma musadalire zimenezo. Ine sindikuuzani kuti musalowe m'madzi, chifukwa kuyenda makilomita pafupifupi 1,000 n'kubwerera mbuna osaziona ndi kutaya ndalama. Mankhwala alipo, dzina lake praziquantel, ndipo amamwedwa potengera kulemera kwa thupi. Kumwa tsiku lomwe mwasamba n'kosathandiza, chifukwa amapha nyongolotsi zikakula. Mukabwerera ku Matero werengani miyezi iwiri kapena itatu, mupite kuchipatala ngakhale mukumva bwino, muwauze kuti munasamba ku Chembe, akuyezeni.